Mtengo wa Mankhwala: Ausenze Ndani?

Kale munthu akadwala, abale ace ankapita kwa sing'anga atatenga kanthu kakang'ono m'manja, kamene akulu ankati cipondamthengo. Sing'anga ankalandira kanthuko nalowa m'thengo kukakumba mizu. Koma malipiro eni eni, kaya nkhuku kaya mbuzi, ankalinda kufikira wodwalayo atadzuka pamphasa. Mwambo umenewu unali ndi nzeru yace, pakuti kuciritsa kunkatsogola, malipiro nkumadza pambuyo. Lero zinthu zatembenuka. Pa sitolo ya mankhwala ndalama ndizo zitsogola, ndipo amene alibe abwerera kwao ndi kapepala ka dotolo m'thumba. Tsono funso nali: pamene mankhwala alipo, koma wodwala sangathe kuwagula, kodi katundu ameneyu ayenera kumsenza ndani?

Funsoli limveka bwino likaikidwa pa malo amodzi ndi pa nthenda imodzi. Malowo akhale Luangwa, komboni ya mu mzinda wa Kitwe ku Migodi, dziko la Cibemba kumene Anyanja ambiri anadza kale kudzafuna nchito. Nthendayo ikhale khansa ya pakhungu, imene imasautsa makamaka anthu obadwa ndi khungu la cialubino. Anthu otere si owerengeka ai. Kalembera wa 2010 anapeza oposa 25,000 m'Zambia, ndipo wa ku Malawi wa 2018 anapeza oposa 134,000.

Khungu la munthu wakuda liri ndi utoto wacibadwa umene madotolo amati melanin, ndipo nchito yace iri ngati ya denga: umaletsa ukali wa dzuwa kuti usaononge za m'kati. Mwana wacialubino amabadwa wopanda utotowu, kapena ali nao wocepa. Si cilango ca mizimu, ndiponso si kulakwa kwa mai wace. Ndi mbeu yobisika imene atate ndi amai onse awiri amakhala nayo m'thupi osadziwa. Dzuwa likamuomba munthu wotere caka ndi caka, pamakutu, pamilomo, pakhosi ndi pamikono pamabuka timawanga tokhakhala ngati mamba a nsomba. Timawangati tikalekereredwa, tina timasanduka cironda cosapola, ndipo cirondaco ndico khansa. Malipoti a bungwe la United Nations anena kuti mu Afirika anthu ambiri acialubino amafa ndi nthendayi asanapitirire zaka 40.

Mtengo wa nthendayi uli ngati makwerero. Pansi peni peni pali cipewa ca khonde, malaya a manja aatali, ndi mafuta odzola oteteza ku dzuwa, a mphamvu imene amailemba SPF 50, amene munthu ali panja ayenera kudzolanso pakapita maora awiri. Botolo limodzi silikhalitsa, ndipo kugula kwace nkwa moyo wonse. Pamwamba pace pali nthawi ya timawanga tija, pamene dotolo angathe kutiumitsa ndi madzi ozizira koopsa a nayitrojeni, kapena kulemba mafuta a fluorouracil, mankhwala amene akatswiri anawatulukira m'zaka za m'ma 1950. Cironda cikakula pafunika opaleshoni, ndipo nthawi zina kucioca ndi makina. Cifukwa ca odwala otere Boma linatsegula Cancer Diseases Hospital ku Lusaka mu 2007. Koma kucokera ku Kitwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 360, wofuna ndalama za basi, za womperekeza, za cakudya ndi za pogona kwa milungu ingapo. Pansonga pa makwererowo pali mankhwala atsopano monga cemiplimab, amene analoledwa ku America mu 2018 kwa odwala amene khansa yao yapitirira mpeni wa dotolo. Mtengo wace caka cimeneco unali madola oposa 9,000 pa milungu itatu iri yonse, ndiko kuti oposa 150,000 pa caka. Cinthu coopsa ndi ici: munthu akalephera kulipira pansi, nthenda simlekerera pomwepo, koma imamkweza pamene mtengo uli waukulu koposa.

Munthu aganizire tsono mai wina wacialubino wa mu Luangwa, amene amagulitsa tomato ndi repu m'mbali mwa mseu. M'masiku a kampani ya ZCCM, banja la munthu wa pa mgodi linkaciritsidwa ku zipatala za mgodi monga ca Wusakile; koma migodi itagulitsidwa, nchito imene inatsirizika mu 2000, ambiri amene anacotsedwa anataya malipiro ndi cipatala comwe. Mu 2018 Boma linapanga lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo mu 2019 bungwe la NHIMA linayamba kusonkhetsa ngwee imodzi pa kwacha iri yonse ya malipiro a wanchito, bwana wace naonjezapo ngwee ina. Lamuloli nlabwino, koma mai wa tomato alibe bwana. Ayenera kudzilembetsa yekha, namasonkha mwezi ndi mwezi kucokera pa timakobiri timene ana ace akutiyembekeza madzulo. Motero kalaliki amene amakhala pansi pa denga tsiku lonse ali ndi comteteza, pamene iye amene amapsa ndi dzuwa kuyambira m'mawa alibe. Ku kiliniki amuona bwino lomwe; koma mankhwala akakhala atatha, ampatsa kapepala kuti akagule yekha. Pamenepo maiyo ayeza thumba la ufa ndi kabotolo ka mafuta, nasankha ufa. Palibe munthu wamtima amene angamnene kuti ndi wopusa.

Alipo ena amene amati mankhwala ndi malonda, monga nsalu kapena njinga, ndipo amene awafuna alipire. Mau awa sayenera kupeputsidwa, cifukwa muli zoona m'kati mwace. Kupeza mankhwala atsopano kumatenga zaka zambiri, ndipo ambiri amene amayesedwa amalephera. Wopanga akapanda kubweza ndalama zace sadzayesanso. Mwini sitolo ya mankhwala wa mu Kitwe kapena mu Ndola naye si mbala: amalipira nyumba ndi anchito, ndipo katundu wace wambiri amacokera kunja. Komatu pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Pa malonda eni eni wogula ali ndi ufulu wakucoka. Njinga ikakwera mtengo munthu ayenda pansi, nafika ndithu kumene afuna. Wodwala alibe ufulu umenewo. Munthu amene wagwera m'citsime sangatsutsane ndi mwini cingwe za mtengo wace. Abvomera ciri conse, kapena amira. Cifukwa cace mtengo wa mankhwala si pangano la anthu awiri olingana, ndipo suyenera kusiyidwa kwa wogulitsa yekha.

Ndiponso mitengo ya mankhwala si mapiri osasuntha. M'caka ca 2000 mankhwala a Edzi, ma ARV, ankagulidwa madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa caka, ndipo ambiri ankati anthu a mu Afirika sadzawalawa. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inati ingathe kuwapereka pa madola 350; caka comweco maiko anagwirizana ku Doha kuti malamulo a malonda asatsekereze Boma kuteteza moyo wa anthu ace; ndipo mu 2005 Zambia inayamba kuwapereka mwaulere m'zipatala zace. Mankhwalawo sanasinthe ai. Cimene cinasintha ndi mitima ya anthu, amene anakana kuyesa imfa ya osauka ngati cinthu ca masiku onse.

Aliponso ena amene amati matenda ndi nkhani ya pabanja, ali yense asenze wace. Koma mai uja sanasankhe khungu lace, monga momwe mnansi wace sanagwire nchito iri yonse kuti abadwe wakuda. Cimene munthu wacilandira osacipempha, cabwino kapena coipa, sayenera kunyada naco kapena kulangidwa naco. Makolo ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ncifukwa cace munda wa wodwala ankaulima pa dima. Inshuwalansi si nzeru yacilendo. Ndi dima yemweyo wolembedwa m'buku, amoyo kusonkhera odwala podziwa kuti tsiku lao lidzafika. Koma dima amene amalima minda ya olemera yokha, nalumpha wa mai wamasiye, wataya tanthauzo lace.

Pali cinthu cina cimene anthu a m'komboni ayenera kudzifunsa okha. Munthu akamwalira mu Luangwa, anansi sacedwa. Buku la copereka limayenda khomo ndi khomo. Ufa, makala ndi ndiwo zimafika. Bokosi ndi galimoto zimapezeka. Mwambo umenewu ngwokoma, ndipo usathe. Koma ndalama zimene zimasonkhedwa pa masiku atatu a maliro zikadagula cipewa ndi mafuta a miyezi yambiri, munthuyo akali moyo. Nanga bwanji manja amatambasuka kwa mtembo, nafumbatika kwa wodwala? Cifukwa cace ncakuti maliro amaoneka, maina a opereka amalembedwa, ndipo wosapereka amacita manyazi. Matenda alibe buku. Cironda ca munthu wacialubino anthu amaciyang'ana kumbali, ena namcedwetsa ndi mau akuti walodzedwa. Cifundo cimene cimafika pa manda pokha cimathandiza dzina la wopereka koposa thupi la wodwala.

Si onse akhala cete. Woimba John Chiti, amene ndi wacialubino, anayambitsa Albinism Foundation of Zambia mu 2008, ndipo kanema wa Can You See Us? wa 2022 anatengera pa moyo wace. Ku Moshi m'Tanzania, pa Regional Dermatology Training Centre, anayamba mu 2012 kupanga okha mafuta oteteza ku dzuwa ndi kuwagawa mwaulere, kuonetsa kuti mafutawa angapangidwe mu Afirika momwe muno. Kuyambira 2015 maiko amakumbukira anthu acialubino pa 13 June. Mu 2025 bungwe la World Health Organization linaika mafutawa pa mndandanda wa mankhwala ofunika koposa, kutanthauza kuti si zodzoladzola za anthu ofuna kukongola ai. Koma mndandanda sudzoza munthu. Umathandiza pokha pamene botolo lafika pa kiliniki ya m'komboni.

Tsono yankho la funso lija ndi lakuti katunduyu agawidwe, ndipo agawidwe msanga, akali wopepuka. Wopanga alandire phindu lace, koma losapitirira muyeso. Boma ligule mankhwala ambiri pamodzi, pakuti wogula zambiri ndiye angatsitse mtengo, niliwaike pafupi ndi anthu, osafunsa ngati wodwala ali ndi bwana. Mipingo ndi magulu a cilimba atsegule buku la odwala pambali pa buku la maliro. Wodwala naye ali ndi gawo lace: kabanga kakaoneka apite kwa dotolo mwezi womwewo, pakuti khansa imeneyi ikapezeka ikali yaing'ono imacira. Ndipo anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu asayese kuti nkhaniyi nja akulu okha. Mphunzitsi amene alola mwana wacialubino kubvala cipewa ndi malaya aatali, osamtuma kukalambula bwalo dzuwa liri paliwombo, wapereka mankhwala osaturutsa ngwee. Kapitao wa pa msika amene apatsa mai uja malo a pamthunzi wacitanso cimodzimodzi.

Sing'anga wakale uja sankagwira nchito yaulere, koma ankadziwa cimene ciyenera kutsogola. Mtundu wa anthu uli wonse udzakhala ndi ogulitsa ndi ogula, olemera ndi osauka; cimene cimauweruza ndico ngati munthu wa pakati pao angafe ndi nthenda yociritsika cifukwa cosowa mtengo wa kabotolo kamodzi. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ndipo palibe munthu wamoyo amene sadzaima tsiku lina pa sitolo ya mankhwala, kapepala kali m'manja.