Fisi ndi mlendo wofiira wosalipira

Padangokhala!

Tili tonse!

Padali Fisi, wa ku Kachulu, doko la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Fisiyu anaiona nyanjayo ikuphwa mu 1995. Anaionanso ikuphwa mu 2018, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi, mabwato ali gadaa pamatope ong'ambika. Tsono madzi atabwerera, Likangala ndi Domasi atatsitsa mvula ya m'phiri la Zomba, matemba, makumba ndi milamba n'kuyambanso kuswana, Fisi anadziguguda pachifuwa.

"Ulendo uno," anatero, "ndalama ya m'nyanja muno isandiphonye."

Anagulitsa mbuzi zake zonse, n'kugula boti lamatabwa la injini. Analipaka utoto wobiriwira, m'mbali mwake n'kulembamo kuti Zanga Zokha. Wogulitsayo anamusiyira zinthu zitatu: ndowa ya mchenga, chiguduli chokhuthala, ndi botolo lachitsulo lofiira, lokhala ndi kawotchi pakhosi, lomangiriridwa pathabwa lapakati.

Malonda anayenda. Mkati mwa sabata ankanyamula ogula matemba ndi anthu a pachilumba. Loweruka ankanyamula alendo a m'tauni odzapitidwa mphepo ndi kuona mbalame, zija zinalembetsa Chilwa m'kaundula wa madambo wa Ramsar mu 1996. Lamulo la Fisi linali limodzi: m'boti muno aliyense amalipira. Thumba linkalipira. Njinga inkalipira. Nkhuku yomangidwa miyendo nayo inkalipira.

Tsiku lina madzulo, akuwerenga ndalama, maso ake anagwera pathabwa lapakati.

"Iwe wofiirawe, lero wapita ku Chisi kangati?"

Zii.

"Katatu. Dzulo katatu. Dzana katatu. Walipirapo zingati?"

Zii.

"Nanga iwe ndowa? Kunyamula mchenga kupita nawo kumene mchenga uli mbwee! Iwe chiguduli, ntchito yako n'kugona basi?"

Anakhuthula mchenga uja m'madzi. Chiguduli anachiponya kumtunda. Botolo lofiira analimasula n'kulikunkhuniza padoko. M'malo mwa atatuwo anaikamo zigubu ziwiri za petulo wokagulitsa pachilumba.

Pafupi pomwepo panali Fulu, nkhalamba ya padoko, akumata kaboti kake ndi phula. Anasuzumira.

"Achimwene, mlendoyu mwamutsitsiranji?"

"Salipira, a Fulu."

"Amalipira kamodzi kokha, achimwene. Koma tsiku lolipiralo amalipirira boti lonse."

"Ntchito yake n'chiyani?"

"Kuzimitsa moto."

Fisi anaseka mpaka kugwa chagada. "Moto pamadzi! Munauona kuti? Kumanja madzi, kumanzere madzi, pansi madzi. Nyanja yonseyi ili pambali panga, ine ndiziopa moto?"

"Ndigulitseni ine tsono," anatero Fulu.

Anagwirizana mwendo umodzi wa mbuzi. Fisi anaukukuta usiku womwewo, fupa lomwe osasiya. Fulu anapukuta botolo lija, naona kuti muvi wa kawotchi uli pobiriwira, n'kulimangirira pofikira dzanja, kutali ndi injini. Mwezi ukatha ankalitembenuza ndi kuligwedeza kuti ufa wa m'kati usaundane. Anzake ankamuseka kuti a Fulu apeza mwana wolera.

Nkhwazi, woyendera maboti wa boma, ikamveka kuti ikubwera, Fisi ankalowetsa boti lake mu njedza n'kukhala chete mpaka dzuwa kupendeka. Potuluka ankaimba mluzu. "Moto pamadzi! Munauona kuti?"

Unafika mwezi wa Okutobala. Dzuwa linkaswa mtengo, njedza za m'mbali zitauma gwaa. Loweruka lina kunabwera Nyani ndi banja lake, atavala zipewa ndi magalasi akuda. Kunabweranso Gwape ndi kamwana kake, ndi Nguluwe ndi matumba ake a ufa. Nyani ananyamula mbaula, makala ali ngee.

"Bwana woyendetsa, tikufuna tiziwotcha makumba tikuyenda. Mutilola?"

Fisi anaiyang'ana mbaula. Anayang'ana zigubu zake. Anayang'ananso thumba la Nyani.

"Ilipira?"

"Ilipira."

"Ikhale pathabwa lapakatipo. Pali malo."

Ananyamuka. Injini inalira, mafuta a nsomba anathetheka pamakala, ana a Nyani anaomba m'manja poona akakowa akuuluka. Atafika pakati, phiri la Chisi likuoneka bwino mitengo yake, injini inayamba kutsokomola.

"Zimitsani kaye, achimwene, muthire bwino," anatero Nguluwe.

"Ndizimitse? Padoko ndasiya anthu a ulendo wachiwiri. Akwera la wina."

Anatsegula chigubu injini ikulira, boti likudumpha timafunde. Wina petulo analowa m'thanki. Wina anayenderera m'manja mwake, n'kutsikira pansi, n'kukayandama pa timadzi ta pansi pa matabwa.

"Amayi, kukununkha," kanatero kamwana ka Gwape.

"Ndi fungo la ndalama limenelo, mwanawe," anayankha Fisi.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma la tsiku limenelo linkanunkha. Mpweya wa petulo sukwera kumwamba ngati utsi. Ndi wolemera. Unatsika, n'kumakwawa pansi pa boti ngati njoka, kudutsa pa mapazi a Gwape, kudutsa pa matumba a Nguluwe, mpaka unafika pamene panali mbaula.

Phuu!

Ana analira. Nyani anataya magalasi. Koma Fisi anangoseka.

"Khalani pansi nonse! Muone ntchito ya nyanja."

Anatenga chigubu chodula chokapira madzi, natunga, khuthu! Moto sunazime. Unakwera pamsana pa madziwo, n'kuyenda nawo. Anatunganso, khuthu! Moto unafika kutsogolo. Kachitatu, khuthu! Moto unafika pa zigubu.

Apo m'pamene kuseka kunathera. Dzanja la Fisi linathamangira pathabwa lapakati, n'kupeza kachingwe kokha. Linafufuza ndowa, n'kupeza ilibe kanthu. Linafufuza chiguduli, n'kukumbuka kuti chili kumtunda.

"Dumphani!" anakuwa Nguluwe.

Onse anadumpha. Mwayi wake Chilwa si yakuya, madzi analekeza m'chifuwa, koma matope anawagwira miyendo ngati ulimbo. Gwape anasenza mwana wake pamutu. Nyani anaberekera awiri pakhosi. Fisi yekha anatsalira, akukokera thumba la ndalama limene linakodwa pamsomali.

Zigubu zinasungunuka. Petulo anakhuthukira panyanja, n'kuyandama, moto uli pamwamba pake. Kumanja moto, kumanzere moto. Nyanja imene Fisi ankaidalira ija nayo inayaka.

Fulu anali akuchokera ku Chisi, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Ataona utsi anakhotetsa kaboti kake, nadzera kumene mphepo inkachokera. Anakweza Gwape ndi mwana. Anakweza banja la Nyani. Anakweza Nguluwe. Pomaliza Fisi anadziponyera m'katimo, ubweya wa kumsana ukuyaka, manja ali noninoni ndi petulo, thumba la ndalama litasanduka phulusa. Moto unadontha kuchokera pathupi pake n'kugwira matabwa a kumbuyo, pafupi ndi thanki ya Fulu.

"Tafa kawiri!" analira Nyani.

Fulu sanayankhe. Anazimitsa injini. Anaponya chiguduli chonyowa pamsana pa Fisi. Anamasula mlendo wofiira, nasolola kapini, nafulatira mphepo, naloza patsinde pa moto osati pa malawi, n'kufinya. Ufa woyera unatuluka fwaa, iye akuuyendetsa uku ndi uku. Nyani asanamalize kulira, moto unali utafa.

"A Fulu, a Fulu, thirani boti langa!" anadandaula Fisi. "Boti langa, ambuye!"

Fulu anagwedeza botolo lija. Linali litapepuka.

"Walipira kale, achimwene. Ndinakuuzani kuti amalipira kamodzi. Ndipo ameneyu amapha moto ukadali khanda. Ukamera mano ngati uwo, ngakhale iye amauthawa."

Moto umapita kumene kwatsala tchire. Mphepo inakankha chigoba cha Zanga Zokha mpaka mu njedza, muja Fisi ankabisalamo. M'menemo munali zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi. Zitatu zinapsa, pamodzi ndi maukonde, mabulangete ndi matemba owuma a mwezi wathunthu. Mbalame zinauluka zikulira, zisa zake zikunyeka. Utsi unaoneka mpaka ku Kachulu, ndipo Nkhwazi sinafunikire wokaiuza.

M'mawa mwake bwalo linakhala pansi pa mtengo, mfumu Mvuu ili pampando. Asodzi anafuna maukonde awo. Nguluwe anafuna ufa wake. Nyani anafuna ndalama zake, kuphatikizapo ija inalipirira mbaula.

"Ulipira ndi chiyani?" inafunsa mfumu.

Fisi anayang'ana kukhola: mbuzi anagulitsa. Anayang'ana kunyanja: boti linali makala. Anayang'ana m'manja: munali matuza okhaokha.

"Botolo lija unagulitsa zingati?"

"Mwendo wa mbuzi, mfumu."

"Uli kuti mwendowo?"

"Ndinadya."

Bwalo lonse linati chete. Kamwana ka Gwape kokha ndiko kanafunsa, "Amayi, fungo la ndalama lija ndi limeneli?"

Fisi anagwira ganyu yosenza madengu a nsomba padoko zaka zambiri, kubweza ngongole. Ubweya unameranso, koma pamene panapsa panatsala mawanga akuda, ndipo ana ake ndi adzukulu ake amabadwa nawo mpaka lero. Masana amachita manyazi, n'chifukwa chake amayenda usiku. Akayesa kuseka ngati kale, kusekako kumathera m'kulira.

Fulu anapita ku Zomba, nakabwera ndi mlendo wina wofiira, muvi uli pobiriwira. Anamumangirira pamalo pomwe paja. Padoko panalibenso womuseka.

Nthano yathera pomwepa. Koma inu, tsiku limene mudzakwere boti pa Kachulu, musanatulutse ndalama, yang'anani kaye pathabwa lapakati. Mukapeza pali mbaula ndi zigubu, mlendo wofiira palibe, tsikani mudikire boti la a Fulu.