Ana Anga, Musafulumire Kukumba

Ana anga ndi adzukulu anga, senderani pafupi. Ndikufuna ndikulangizeni za zinthu zomwe zagona m'nthaka ndi m'mapanga a m'mapiri: mapale a mbiya, mikanda, mafupa, ng'anjo zomwe makolo ankasungunuliramo chitsulo, ndiponso zojambula pamiyala. Ambiri mwa inu mumayesa kuti izi ndi nkhani za anthu ophunzira a kuyunivesite okhaokha. Ayi ndithu. Kawirikawiri woyamba kuziona amakhala munthu wamba ngati inu nomwe, ndipo zomwe iye amachita tsiku loyambalo ndi zomwe zimapulumutsa kapena kufafaniza mbiri ya mtundu wonse.

Mu 1940, anyamata anayi a ku France adalowa m'phanga la Lascaux n'kupezamo zithunzi za akavalo ndi ng'ombe zamtchire zojambulidwa zaka pafupifupi 17,000 zapitazo. Sadakande khoma kapena kulembapo mayina awo. Adakauza mphunzitsi wawo. Mu 1974, alimi a ku China akukumba chitsime pafupi ndi mzinda wa Xi'an adagunda zidutswa za ziboliboli zadothi. Nkhani itafika kwa akuluakulu a boma, pamalopo padafukulidwa asilikali adothi masauzande ambiri, omwe adaikidwa kuti azilondera manda a mfumu Qin Shi Huang. Mawa wogunda chinthu chotere akhoza kukhala iwe ukupanga mizere m'munda, kapena mng'ono wako akuweta mbuzi kuphiri.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikuti musafulumire kukumba? Mverani zomwe zidachitika ku Great Zimbabwe. Mzinda umenewu adaumanga makolo a Ashona pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400. Adasanja miyala popanda matope kapena simenti, khoma lina n'kutalika mpaka mamita 11. Atsamunda atafika adakana kwamtuwagalu kuti munthu wakuda angamange zotere. Ena ankati adamanga ndi Afoinike, ena ankatchula mfumukazi ya ku Sheba. Mu 1902, Richard Hall adapatsidwa udindo woyang'anira malowa, ndipo adakumba n'kutaya dothi lambiri lomwe munali mapale ndi zipangizo za eni mzindawo, poganiza kuti umboni wa alendo ochokera kutali uli pansi pake. Umboniwo sadaupeze, koma zomwe adatayazo sizidzabwereranso mpaka kalekale.

Chomwe chidagonjetsa bodzalo ndi tinthu tonyozeka tomwe tidatsala pamalo pake. David Randall-MacIver mu 1905, kenako Gertrude Caton-Thompson mu 1929, adafukula pang'onopang'ono, akulemba chilichonse ndi pomwe chapezeka. Adaona kuti mapale, zitsulo ndi zotsalira za nyumba zadothi zinali za anthu a mu Africa muno. Lero dziko lonse la Zimbabwe limatchedwa ndi dzina la mabwinja amenewa, ndipo mbalame yosema pamwala ya kumeneko ili pambendera yawo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ana anga. Chinthu chakale chimalankhula chikakhala pomwe eni ake adachisiya. Dothi limaunjikana mosanjikizana: zapansi n'zakale, zapamwamba n'zaposachedwa. Khala lamoto lopezeka pambali pa mbiya angathe kuliyeza n'kudziwa zaka zomwe zapita chiyatsireni motowo. Mkanda wopezeka pakhosi pa mafupa umasonyeza kuti woikidwayo anali munthu wotani. Ukazula mbiyayo n'kupita nayo kwanu, watsala ndi mbiya chabe. Nkhani yake waisiya itafera m'dzenje.

Musaganize kuti kwathu kuno kulibe zotere. Ku Mankhamba, m'boma la Dedza, komwe kunali likulu la Amaravi, katswiri wathu Yusuf Juwayeyi adafukula mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni wakuti makolo athu ankachita malonda ofika kunyanja yamchere. Ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991 kudapezeka nsagwada ya munthu wakalekale, ya zaka zoposa mamiliyoni awiri. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006.

Mukadzafika ku Chentcherere kapena ku Namzeze, ena mwa malo a ku Chongoni amenewa, mudzayang'anitsitse zojambulazo. Zofiira, zozungulirazungulira ndi zamizeremizere, n'za Akafula omwe makolo athu adawapeza m'dziko muno. Zoyera, zopakidwa ndi chala, zina zooneka ngati nyama yotambasula miyendo, n'za Achewa: zina n'za chinamwali cha atsikana, zina n'za Nyau. Zojambulazi zapirira mvula ndi dzuwa kwa mibadwo yosawerengeka, koma sizipirira makala, choko ndi penti. Mtima umandiwawa ndikaona dzina la mnyamata litalembedwa pamwamba pa chojambula cha agogo ake, kapena mwaye wa moto wa osaka nyama utadetsa denga la phanga. Ena amathira madzi kuti chithunzi chioneke bwino pafoni, osadziwa kuti akuchisukulutsa. Ku Lascaux kuja, mpweya chabe wa anthu odzaona udayamba kuwononga zithunzi mpaka boma lidatseka phangalo mu 1963. Nanga dzanja lokhula lingawononge motani?

Padzabweranso anthu a pakamwa potsekemera, ndalama zili m'manja, kufunsa za zigoba za Gule, mikanda ya m'manda kapena chuma chomwe amati chidakwiriridwa paphiri. Muwakane. Ndalamayo mudzaidya sabata imodzi, koma chinthu chikawoloka nyanja kubwerera kwake n'kovuta zedi. Ziboliboli zamkuwa za ku Benin, m'dziko la Nigeria, zidalandidwa ndi asilikali a Britain mu 1897, ndipo Germany idayamba kubweza zina mwa zomwe zidafika kwawo mu 2022, patatha zaka 125. Chigaza cha munthu wakale chomwe anthu a mumgodi adachipeza ku Kabwe mu 1921 chidatengeredwa ku London, ndipo abale athu a ku Zambia akhala akuchipempha kwa zaka zambiri. Makolo a ku Benin aja zawo zidachita kulandidwa ndi mfuti. Inu musapereke zanu ndi manja anuanu.

Choncho mukapeza chinthu chakale, chisiyeni pomwepo. Chijambuleni ndi foni osachisuntha, zindikirani bwino malowo, kauzeni amfumu, ndipo uthenga ukafike ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Mukapeza mafupa a munthu, kumbukirani kuti ameneyo adalilidwa ndi abale ake. Apatsidwe ulemu woyenera manda. Mukaona mnzanu akulemba paphanga, mudzudzuleni ngakhale akunyozeni.

Pomaliza, safunsa adadya phula. Miyala payokha siingakuuzeni zonse. Anamkungwi, amfumu ndi agogo anu akudziwa dzina la bwinja lililonse, komwe ankathira nsembe ya mvula ndi komwe amisiri a chitsulo ankayatsa ng'anjo. Afunseni akadali moyo, mulembe zomwe akuloleni kulemba, ndipo za kudambwe ndi kutsimba muzisiye komwe zimayenera kukhala. Ndikulakalaka kuti mwa inu mutuluke ena okaphunzira ntchito yofukula zakale, kuti mbiri ya dziko lino azifotokoza ana ake omwe akudziwa chilankhulo ndi miyambo yake. Ife mbali yathu tasunga zomwe tidatha kusunga. Zotsalazo zili m'manja mwanu, ndipo adzukulu anu adzakufunsani.