PHUNZIRO 23: RUTE AKUNKHA M'MUNDA WA BOAZI

Kuwerenga: Rute 2:1-17. Mphunzitsi awerengenso Levitiko 19:9-10 ndi Deuteronomo 24:19-22.
Vesi loloweza: Levitiko 19:34.
Cholinga: Kuti ana adziwe chimene Mulungu afuna kuti tichite ndi banja limene lathawa nkhondo kapena njala, nilidza kudzakhala pakati pathu.

KWA MPHUNZITSI

Aphunzitsi okondedwa, musanaimirire pamaso pa ana, muyambe mwawerenga buku lonse la Rute muli kwanu. Lili ndi mitu 4 yokha, ndipo mukhoza kulitsiriza usiku umodzi. Ana ambiri amaidziwa nkhaniyi ngati nkhani ya mtengwa wokonda apongozi ake, ndipo nzoona. Koma lero tiyang'ana mbali ina. Rute anali mlendo, mkazi wamasiye, wa mtundu umene Aisrayeli sanali kuukonda, ndipo anafika m'mudzi wa eni ake alibe munda, alibe nkhokwe.

Makolo athu anati mlendo ndi mame. Mwambiwu unena za mlendo wogona usiku umodzi kapena uwiri, amene timphera nkhuku mokondwa podziwa kuti mawa apita. Koma mlendo wa pa Levitiko 19 ndi wina. Iyeyu ndi munthu amene wadza kudzakhala, chifukwa kwao kulibe kobwerera. Dzuwa lituluka, mame auma, koma iye ali pomwepo. Afuna madzi pachitsime chathu, nkhuni m'phiri lathu, ndi malo pabenchi la m'tchalitchi mwathu. Kumlandira tsiku loyamba sikuvuta ai. Mtima wa Mkhristu umayesedwa chaka chachiwiri ndi chachitatu, ndipo phunziro lino likunena za pamenepo.

NKHANI YA M'BUKU LOPATULIKA

Muyambe ndi kukumbutsa ana kuti woyamba kuthawa m'nkhaniyi sanali Rute. Anali Elimeleki ndi mkazi wake Naomi, anthu a ku Betelehemu, amene njala inawapirikitsira ku Moabu pamodzi ndi ana awo aamuna awiri. Amoabu anawalandira, nawapatsa ana awo aakazi kuti akwatiwe kumeneko. Patapita zaka ngati 10 amuna onse atatu anali atamwalira, ndipo Naomi anabwerera kwao wopanda kanthu, Rute namtsata. Tsono amene anali mwini dziko anasanduka mlendo. Ana aone bwino kutembenuka kumeneku, pakuti palibe banja lingathe kulumbira kuti silidzathawa konse.

Iwo anafika poyamba pa kukolola barele. Mulungu anali ataika lamulo lakuti mwini munda asakolole mpaka m'mphepete, asabwerere kukatola zotsalira, ndipo akaiwala mtolo m'munda asautsatenso. Zimenezo zikhale za wosauka, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Ana a kumudzi adziwa kukunkha, pakuti amakunkha mtedza ndi mbatata eni ake atakumba. Muwauze kuti ku Israyeli kukunkha sikunali kupempha kapena kuba. Linali gawo limene Mulungu anapatulira osowa, ndipo womana mlendo zokunkha analikumana Mulungu mwini.

Muone tsono chimene Boazi anaonjeza pamwamba pa lamulo. Anayamba wafunsa kuti mkaziyo ndani. Atamva kuti ndi Mmoabu sanamchotse, koma anamuuza kuti asapite kumunda wina, azitsata anamwali ake. Analamula anyamata kuti asamkhudze. Anamlola kumwa m'mitsuko ya antchito. Nthawi ya chakudya anamuitana kuti akhale pamodzi ndi okolola, nampatsa tirigu wokazinga, ndipo anadya nakhuta, nasiyako wa apongozi ake. Pambuyo pake Boazi anauza anyamata mwamseri kuti azisololako ngala m'mitolo ndi kuzisiya pansi, ndipo asamdzudzule. Madzulo Rute anapuntha zimene anakunkha napeza ngati efa wa barele, ndiko kunena ngati debe lodzaza.

Pano pali chinthu chimene ife timachiphonya kawirikawiri. Boazi anali wachuma, ndipo akadatha kutuma mnyamata kukatula thumba pakhomo pa Naomi, mudzi wonse ukuona. Iye anasankha kuti Rute abwerere kunyumba ndi chakudya cha thukuta lake, wosachita manyazi. Ndiponso anaganizira chimene mkazi wachilendo amaopa koposa njala, ndicho amuna amene adziwa kuti alibe mlongo kapena malume womnenera mlandu.

ZIMENE ZINACHITIKA KUNO KWATHU

Ife a ku Ntcheu sitisowa kupita kutali kuti tipeze fanizo. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ya boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, inayamba mu 1977. Mu 1986 inakula kwambiri m'chigawo cha Tete, ndipo anthu a ku Angonia ndi ku Tsangano anayamba kuoloka mwaunyinji. Kuno malire si mtsinje kapena phiri. Pa mtunda wautali pakati pa Dedza ndi Ntcheu malire ndi mseu waukulu wa M1. Munthu ankangodumpha mseu pa Lizulu kapena kufupi ndi Biriwiri, ndipo wafika m'dziko lina, mwana kumsana, mphika kumutu. Pofika 1992 m'Malawi munali othawa nkhondo oposa 1,000,000, pamene kalembera wa 1987 anapeza anthu ngati 8,000,000 m'dziko lonse. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni dera.

Ku Nsanje ndi ku Mwanza ambiri anaikidwa m'misasa ikuluikulu, koma ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri anakhala m'midzi, pakati pa anthu. Chifukwa chake nchodziwika. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula pakati pa anthu amodzi, Angoni a kwa Maseko ndi Achewa, olankhula chinenero chimodzi, a mafuko amodzi. Ngakhale mu Mpingo tinali abale kale. Mishoni ya Mphatso ku Angonia inayambika mu 1909, ndipo Apwitikizi ataitseka mu 1922, Akhristu a kumeneko ankaoloka malire kudzalandira masakramenti mbali yino. Kotero magalimoto a chithandizo asanafike, oyamba kuthandiza anali anthu wamba. Nyakwawa inaloza malo omangapo, wina anabwereka khasu, wina anatapa chimanga m'nkhokwe yake yosadzaza nkomwe. Pambuyo pake boma, bungwe la UNHCR, la World Food Programme ndi la Red Cross anayamba kugawa ufa, nyemba kapena nandolo, mafuta ophikira, mchere ndi shuga.

Kuti muone kufunika kwa kamunda kakang'ono, kumbukirani chaka cha 1990. Mtedza unaleka kufika m'chakudya chogawidwa, ndipo anthu othawa nkhondo oposa 17,000 anagwidwa ndi nthenda yotchedwa pelagra, imene imadza munthu akamadya chimanga chokhachokha: khungu limada ndi kusenda pamene paomba dzuwa, m'mimba mumatsegula, ndipo ena mutu umasokonezeka. Madokotala atafufuza anapeza kuti nthendayi inasautsa kwambiri a m'misasa kuposa okhala m'midzi, ndi kuti amene anali ndi dimba anatetezeka koposa anzawo. Amene anabwereka mlendo mizere yochepa ya m'dimba mwake mwina sanadziwe kuti akupulumutsa moyo.

Koma tisauze ana zokoma zokha, pakuti akulu a kwao akudziwa zonse. Zaka zitapita, mame aja sanaume. Mitengo inatha m'mapiri chifukwa cha nkhuni ndi milimo. Pachitsime mzere unatalika. Mu 1992 kunagwa chilala choopsa, ndipo mwini mudzi amene nkhokwe yake inali mbee ankaona mlendo akubwera ndi thumba la ufa wolandira. Nsanje inalowa, ndipo si yovuta kuimvetsa. Panalinso ena amene anaona mlendo ngati phindu: kumlimitsa ganyu tsiku lonse nkumlipira kambale ka madeya podziwa kuti alibe kokadandaula, kapena kunyenga mtsikana ndi sopo. Amenewa ndiwo anyamata aja Boazi anawachenjeza. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika 1995 ambiri anali atabwerera kwao. Ena anatsala chifukwa cha maukwati, ndipo zidzukulu zawo zikhoza kukhala m'kalasi mwanu Sabata lino.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Mu 2016 anthu othawa ku Tete anadzaza pa Kapise ku Mwanza, nasamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno. Kumapeto kwa 2024 ena anaolokera ku Nsanje ndi ku Chikwawa chifukwa cha zipolowe za pambuyo pa chisankho. Ndipo ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene kunali ndende kale, kuli msasa umene unatsegulidwa mu 1994, wosunga anthu a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Amenewa satimva chinenero, ndipo sitingawapeze pa mfunda wathu. Nkwapafupi kukonda mlendo amene ali msuweni wako. Koma Rute sanali msuweni wa munthu aliyense ku Betelehemu, ndipo mukawerenga Deuteronomo 23:3 mudzaona m'mene Aisrayeli analikuonera Amoabu. Komabe mkazi ameneyu anabala Obedi, atate wa Jese, atate wa Davide, ndipo dzina lake lili pa Mateyu 1:5, mumzere wa makolo a Ambuye Yesu, amenenso ali khanda anathawira naye ku Aigupto poopa Herode.

POPHUNZITSA

Musatchule mwana aliyense kapena banja lake ngati chitsanzo, ngakhale mukudziwa kuti agogo ake anachokera kutsidya. Akafuna kunena yekha, mumlole. Musalowetse ana m'nkhani yakuti wolakwa anali ndani pankhondo ija. Boazi sanafunse Rute za mikangano ya Amoabu ndi Aisrayeli.

Ana aang'ono achite sewero. Mubwere ndi zitsononkho kapena mapesi, ena akhale okolola, mmodzi Boazi, mmodzi Rute, ndipo okolola azigwetsa mwadala osayang'ana m'mbuyo. Ndi ana okulirapo mukambe za maina onyoza amene amamveka pamsika ndi pabwalo la mpira, monga kutcha mlendo aliyense wogulitsa m'sitolo "mburundi", kapena kuseka mwana wolankhula Chichewa chokhota. Apa musafulumire, ndipo musakalipe. Ana amangobwereza zimene amva kwa akulu, ndipo ena adzazindikira koyamba lero kuti mau amenewa amapweteka.

Inunso aphunzitsi muli ndi mbali yanu. Mwana wachilendo akafika m'kalasi, mumlembe m'kaundula tsiku lomwelo, mumkhazike pakati pa anzake osati kumbuyo, ndipo muphunzire kutchula dzina lake bwino. Makolo ake akakhala Akhristu, musadabwe ngati alibe kalata ya kumpingo kwao, pakuti wothawa usiku satenga mapepala. Mukawafikitse kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu kuti abusa ndi akulu aone chochita, ndipo mudziwitse amayi a Chigwirizano kuti akawayendere.

MAFUNSO

1. Nchifukwa ninji Naomi anapita ku Moabu, ndipo ndani anamlandira kumeneko?
2. Kodi kukunkha kusiyana bwanji ndi kupempha?
3. Tchulani zinthu zimene Boazi anachitira Rute zimene lamulo silinamkakamize.
4. Kwanu kukanakhala chakudya cha mwezi umodzi wokha, ndipo banja lothawa nkhondo lamanga pafupi nanu, mukanatani? (Musakane yankho la mwana amene anena kuti sakanapatsa. Mumfunse chimene akuopa, ndipo mufunse anzake ngati pali china chimene akanagawana nalo banjalo kupatula ufa.)

NTCHITO YA KUNYUMBA

Mwana aliyense akafunse agogo ake kapena munthu wamkulu wa m'mudzi chimene akukumbukira za alendo a 1986: anagona kuti usiku woyamba, anadya chiyani, ndipo ndani anawapatsa malo. Sabata la mawa mupatule mphindi 10 zoyamba kuti ana afotokoze zimene amva. Potseka lero mupempherere mabanja a ku Dzaleka, ndi mafumu athu amene amagawa malo.