KODI N'KUTAYA NTHAWI KUTI MAYI WAMKULU APHUNZIRE KUJAMBULA?

Amayi anzanga, m'magulu athu muli ntchito zambiri za manja. Timasoka, timaluka, timapeta maluwa pa nsalu za pa tebulo. Koma ikafika nthawi yoti duwalo lijambulidwe pa nsalu tisanalowetse singano, ambiri timakankhira mnzathu mmodzi, kapena timaitana mdzukulu wa ku sukulu. Mawu athu amakhala omwewo: "Ine ndilibe luso," "Zimenezo n'za ana," "Ndakalamba ine." Funso langa lero ndi ili: kodi n'koyenera kuti munthu waimvi atenge pensulo ndi kuyamba kuphunzira kujambula, chinthu chosabweretsa ufa m'nyumba? Ine ndikuti n'koyenera, chifukwa wophunzira kujambula amaphunzira kuona, ndipo zolakwa zambiri zimene timachitira anzathu zimayamba ndi kusaona bwino.

Dzanja lilibe mlandu

Ikani kapu pa tebulo patsogolo panu, muijambule. Pafupifupi aliyense woyamba kumene amajambula kukamwa kwa kapu kozungulira ngati mwezi wathunthu. Koma yang'anitsitsani muli chikhalire pa mpando. Kukamwako kukuoneka kophwatalala, kotalika m'mbali ngati dzira logona. Dzanja silinalakwe. Lamvera mutu, ndipo mutu unanena kale kuti, "Kapu ndimaidziwa ine, ndi yozungulira." Diso silinafunsidwe n'komwe.

N'chimodzimodzi ndi nkhope ya munthu. Woyamba amaika maso pamwamba, pafupi ndi tsitsi. Mukayesa ndi chala mupeza kuti maso ali pakati penipeni, kuchokera pa liwombo kufika ku chibwano. Takhala tikuona nkhope kuyambira tili ku msana, koma zimenezi ambiri sitinazizindikire.

Ife a kuno kwa Goliati ndi madera ena a Thyolo takulira pafupi ndi tiyi. Ena mwa inu mwathyola masamba awiri ndi kansonga kake zaka makumi awiri. Koma atakupemphani kuti mujambule tsamba la tiyi osaliyang'ana, kodi mungakumbukire timano ta m'mphepete mwake? Nanga mitsempha yake imachoka pa msana wa tsamba molunjika kapena mopendekera? Kukhala ndi chinthu tsiku ndi tsiku kumatipatsa chizolowezi, ndipo chizolowezi chimatseka maso.

Aphunzitsi a zojambula anazindikira zimenezi kalekale. John Ruskin wa ku England ankaphunzitsa anthu ogwira ntchito za manja kujambula pa Working Men's College ku London kuyambira m'chaka cha 1854, ndipo cholinga chake chachikulu chinali chakuti anthuwo aziona bwino zimene zawazungulira. Mayi wina wa ku America, Betty Edwards, m'buku lake la mu 1979 analangiza oyamba kuti azitembenuza chithunzi chadodolido, n'kuchikopera chili choncho. Mutu ukalephera kunena kuti "iyi ndi mphuno, ili ndi khutu," umakhala chete, diso n'kuyamba kutsata mizere monga ilili. Ambiri amadabwa kuona kuti chithunzi chawo chatuluka bwino koposa.

Zimene ndinaona pa unamwino

Pa ntchito ya unamwino, kuona ndiye chida choyamba. Mwana wodwala matenda osowa zakudya m'thupi, aja otupikana, amaoneka wonenepa. Agogo ake amati, "Mwana ameneyu ali bwino, taonani masaya." Koma woyang'anitsitsa amaona tsitsi lofiirira ndi lopyapyala, ndipo akadina phazi ndi chala, pamatsala kadzenje. Mayi wapakati anganene kuti angotopa ndi ntchito, koma mukatsitsa chikope chake n'kupeza m'kati moyera, mudziwa kuti magazi achepa. Khanda lotsokomola, ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati likamapuma, chimenecho chingakhale chibayo, ndipo sichidikira mawa. Ana ambiri amafika ku chipatala mochedwa ngakhale kuti makolo awo amawakonda. Makolowo anali ndi chithunzi chawo m'mutu, ndipo chithunzicho chinaphimba mwana amene anali m'manja mwawo.

Timajambulanso anzathu

Apa ndiye pagona nkhani. Tsiku lililonse timajambula anthu m'mitima mwathu popanda pensulo. Tili ndi chithunzi chokonzeratu cha mpongozi, cha mkamwini, cha mwana wamasiye, cha mtsikana amene watenga mimba ali pa sukulu. Tikakumana ndi munthuyo, timatulutsa chithunzi chakale chija, monga tinachitira ndi kapu. Mayi akasiya kubwera ku gulu timati wayamba kunyada, osapita kukaona kuti mwina alibe sopo wochapira yunifolomu. Mtengwa akakhala chete timati ndi wamwano, pamene mwina akumenyedwa usiku. Miseche ndi chithunzi chojambulidwa osayang'ana mwini wake, ndipo chikayenda m'mudzi palibe labala wochifufuta.

Wophunzira kujambula amazolowera mwambo wina. Amayang'ana chinthucho nthawi yaitali kuposa pepala. Amalemba mzere wosadinikiza, poti akudziwa kuti mwina aufufuta. Amayesa, n'kupeza kuti walakwa, n'kukonza popanda kukwiya. Tangoganizani banja kapena gulu limene anthu ake amaweruzana motero: kuyang'ana kawiri, kulankhula mosadinikiza, ndi kulola kukonza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sindikunena kuti aliyense wodziwa kujambula ndi munthu wabwino. Alipo aluso ouma mtima. Pensulo siisintha mtima payokha. Koma imaphunzitsa munthu kukayikira mawu akuti "ndikudziwa kale," ndipo amene waphunzira zimenezi pa kapu sizimuvuta kuzikumbukira akakhala pamaso pa mnzake.

Nanga manyazi? Nanga nthawi?

Wina anena kuti, "Ana andiseka." N'zoona, mbuzi yanu yoyamba idzafanana ndi galu. Ambiri a msinkhu wathu tinakula sukulu ya pulayimale isanakhale yaulere mu 1994, ndipo atsikana ndiwo ankayamba kusiyitsidwa. Choncho pensulo imatikumbutsa zimene tinamanidwa. Komanso tazolowera kukhala alangizi, ofunsidwa nzeru pa maliro ndi pa ukwati, ndiye kukhalanso wosadziwa kumawawa. Koma kuwawa kumeneku ndi mankhwala. Amene waiwala mmene kusadziwa kumamvekera amakhala waukali pophunzitsa ena. Ndipo mdzukulu amene waona agogo ake akulakwa, kuseka, n'kuyambiranso, waphunzira chinthu chimene chidzamuthandiza tsiku limene adzalephere mayeso.

Ukalamba si chifukwa. Anna Mary Robertson Moses, mayi wa pa famu ku America wodziwika ndi dzina loti Grandma Moses, anali wopeta nsalu ngati ife. Nyamakazi itamuvuta m'zala anasiya singano n'kuyamba kupenta zithunzi ali ndi zaka zopitirira 70. Anamwalira mu 1961 ali ndi zaka 101, atasiya zithunzi zoposa 1,000.

Tisanenenso kuti kujambula n'kwa azungu kapena kwa abambo. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 okhala ndi zojambula pa miyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambulazo, zopangidwa ndi dothi loyera, anajambula ndi amayi pophunzitsa atsikana mwambo. Amayi athu nawonso ankakongoletsa zipupa za nyumba ndi dothi la mitundumitundu, ndi kucheka mizere pa miphika isanaume. Dzanja limenelo tili nalo ndithu.

Za nthawi, ndikudziwa kuti kuli kumunda, kumsika, odwala ndi adzukulu. Koma mphindi 15 zimapezeka pamene nyemba zili pa moto. Za ndalama, khala la pa mbaula ndi kuseri kwa kalendala yakale n'zokwanira.

Poyambira pake

Sankhani chinthu chimodzi chosayenda: tomato, chipande, tsamba la tiyi, kapena dzanja lanu lomwe. Chiyang'aneni kaye osalemba kanthu. Tambasulani mkono mutagwira pensulo, tsinzinani diso limodzi, muyese kutalika ndi kufupika kwa chinthucho, muone ngati zikufanana ndi mmene mumaganizira. Onani kumene kuwala kukuchokera ndi kumene mthunzi wagwera. Lembani tsiku pa pepalalo ndipo musaling'ambe, ngakhale litaipa chotani. Pakatha mwezi muike loyamba pafupi ndi lomaliza.

Pa msonkhano wa gulu, yesani kukhala awiriawiri, wina ajambule nkhope ya mnzake kwa mphindi khumi. Padzakhala phwete, ndipo palibe vuto. Koma mudzaona makwinya amene simunawaone, chipsera chimene simunafunsepo, ndi maso otopa a mayi amene mwakhala naye benchi imodzi zaka zambiri. Chithunzicho chikatha, mufunseni mmene kunyumba kulili.