Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada

Pusi ataona zipatso zakupsa mbali zonse, anafuna kugwira nthambi iyi ndi iyo nthawi imodzi. Mapeto ake anagwa chagada, osalawa n'chimodzi chomwe. Apa makolo ankadzudzula mtima wosatha kusankha.

Taganizirani wapampando wa komiti ya chitukuko m'mudzi. Anthu akufuna mjigo, mlatho ndi chipinda chophunziriramo. Wanzeru amakhala nawo pansi mpaka atamanga chimodzi: ayambe ndi chipinda chophunziriramo, njerwa ziumbidwe m'chilimwe, ziwotchedwe mvula ya Novembala isanagwe. Kenako amagawa ntchito: awa atunge madzi, awo aponde dothi, enawo abweretse nkhuni. Koma wofuna zonse pakamodzi amasiya maziko okhaokha atamera udzu, anthu atagwa ulesi.

Atsogoleri athu, gwirani nthambi imodzi zolimba. Mukathyola chipatso chake, ndiye muyang'ane ina.