Kandodo ka indiketa musamakapeputse

Ana anga, inu amene mukuphunzira umakaniko pa Chiringa pano, ndimvereni pa za kandodo ka indiketa kamene kali kuseri kwa chiwongolero. Taonani msewu wochokera ku Phalombe boma tsiku la msika: njinga zamoto za kabaza, amayi osenza nandolo, ma Sienta odzaza mpaka kudenga. Wakabaza amene ali kumbuyo kwa galimoto alibe china chomuuza kuti dalaivala akukhota, koma kuphethira kwa getsi la indiketa basi. Mukamagwira kandodoka, moyo wa mwana wa eni uli m'manja mwanu.

Indiketa ikavuta, musathamangire kumasula kandodo. Yambani mwayatsa mahazadi. Mababu onse akamaphethira koma kandodo osayankha, pamenepo ndiye mukakayikire. Mbali imodzi ikamaphethira mwaliwiro, kawirikawiri ndi babu lopsa. Onaninso fyuzi. Kumugulitsa munthu kandodo vuto lili pa babu, kumeneko ndi kuba, ndipo ine sindikubisirani.

Mukatsimikiza kuti vuto ndi kandodo, tembenuzani chiwongolero kuti masikuluu obisala a chivindikiro aonekere, muwamasule, kenaka muwongole matayala. Chotsani waya wa negetivi ku batire ndi sipanala 10, mudikire masekondi osachepera 90, chifukwa airbag imasunga moto ngakhale batire yachotsedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawaya achikasu ndi ake a airbag yomweyo, tesita isafikepo. Pa ma Toyota ambiri kandodo kamachoka chiwongolero chili pomwepo. Chikafunika kuzulidwa, lembani chizindikiro pamene chinakhalira, ndipo musapukuse kawaya kopyapyala kokulungidwa kuseri kwake. Mukakadula, hutala yafa, airbag nayo yafa. Pochotsa pulagi, dinani kokolera kake ndi chala, mukoke pulagiyo osati mawaya.

Pokagula ku Limbe nyamulani kakaleko. Yerekezani nambala yake, werengani timano ta m'pulagi. Galimoto zochokera ku Japan kandodo kamakhala kudzanja lamanja, pamene zambiri za ku Ulaya kali kumanzere, choncho "n'chimodzimodzi" wa wogulitsa musamukhulupirire maso anu asanaone.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'ichi: kudula mawaya n'kumangirira switchi ya m'nyumba pa dashibodi poti Limbe ndi kutali. Ana anga, ayi. Kandodo kenikeni kamabwerera kokha chiwongolero chikawongoka. Switchi yanuyo sibwerera. Dalaivala aiwala, getsi lizingoti kumanzere, kumanzere, iye akulowa kumanja, wakabaza n'kulikhulupirira. Indiketa yonama imaposa yakufa kuopsa kwake.

Mukamaliza kumanga, mnzanu aime kumbuyo azikuuzani. Yesani kumanzere, kumanja, magetsi akutsogolo, hutala, ndipo mutembenuze chiwongolero mumve kandodo kakuti tha! kubwerera. Onani ngati kagetsi ka airbag kazima pa dashibodi. Kenaka mupatseni mwini galimoto kandodo kake kakale m'manja, mumuuze poyera ngati kamene mwaikako n'katsopano kapena n'kochotsedwa m'galimoto ina.