Kodi Wodwala Timuuze?

Pali funso limene mabanja a ku Golomoti, ku Mua ndi ku Mtakataka amakumana nalo panja pa chipatala, pamene dokotala waitanira wodwazika pambali ndi kumuuza kuti nthenda ya m'bale wake ndi khansa, ndipo yafika poti singachizikenso. Funsolo ndi ili: kodi mwini wakeyo timuuze? Kawirikawiri yankho silichedwa, ndipo amalipereka ndi mwini mbumba kapena mwana wamkulu: "Ayi, tisamuuze, angataye mtima, angafe msanga." Motero wodwala amabwerera kumudzi atauzidwa kuti adokotala ati akayambe wapumula kunyumba, mankhwala agwira ntchito pang'onopang'ono.

Tisafulumire kuwadzudzula abale otere, pakuti chowachititsa ndi chikondi. Ife sitikonda kuitchula imfa ndi dzina lake. Timati munthu watisiya, watsogola, watsikira kuli chete, ndipo pansi pa mtima timaopa kuti kuitchula n'kuiitana. Komatu chikondi nacho chimatha kusokera njira, choncho n'koyenera kufunsa chimene chimam'chitikira munthu amene tam'bisirayo.

Choyamba n'chakuti iye amadziwa. Tiyeni tiganizire mayi wodwala khansa ya khomo la chiberekero, imene pakati pa makhansa onse ndiyo imapha amayi ambiri m'dziko muno. Thupi ndi lake, ndipo limamuuza usiku uliwonse. Amaona kuti chitenje chayamba kum'zungulira kawiri, kuti anthu amatsitsa mawu akafika pakhomo, kuti mwana wake wa ku Johannesburg, amene kale ankaimba lamya kamodzi pa mwezi, tsopano akuimba tsiku ndi tsiku. Amadziwa ndithu, koma poona kuti abale ake akuyesetsa kum'bisira, nayenso amayamba kuwabisira kuti wadziwa, kuti asawamvetse chisoni. M'nyumba imodzi mukhala anthu okondana, aliyense akunamiza mnzake mwaulemu, ndipo mayiyo, ngakhale azunguliridwe ndi anthu khumi, mantha ake amawasenza yekha.

Chachiwiri n'chakuti pamene choona chasowa, pamabwera mayankho ena. Ngati a chipatala adati achira koma sakuchira, ndiye kuti pali munthu wam'lodza. Mbuzi zimagulitsidwa pa msika wa Golomoti, ndalama za thonje zimathera kwa asing'anga, ndipo chala chimaloza gogo wina wa m'mudzi kapena mkazi mnzake. Wodwala adzaikidwa m'manda, koma chidani chimenecho chidzatsala, n'kufikira adzukulu.

Mu 1967 mayi wina wa ku England, Cicely Saunders, amene adayamba ngati namwino nadzakhala dokotala, adatsegula ku London nyumba yosamaliramo odwala matenda osachizika, yotchedwa St Christopher's. Iye adaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotere suli m'thupi mokha: uli m'maganizo, uli m'nkhawa za banja, ulinso mu mzimu, ndipo zonsezi zimakolezana ngati nkhuni za pamoto umodzi. Nzeru imeneyi idafika ku Uganda mu 1993 kudzera mwa Dokotala Anne Merriman, amene adafalitsa mankhwala a mofini wamadzi, woti wodwala azimwa ali kunyumba kwake. Kuno kwathu kudabadwa Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mayi Lucy Finch, namwino wa kuno komwe, adatsegula Ndi Moyo ku Salima, tikatsata msewu womwewu wa m'mbali mwa nyanja kulowera kumpoto. Akhristu ena amakayika ndi mofini, poganiza kuti kumwa mankhwala amphamvu chotere n'kuthawa mtanda. Apapa Pius XII adayankha kale nkhaniyi mu 1957, pouza madokotala kuti n'kololedwa kuthetsa ululu wa munthu amene ali pafupi kufa, malinga ngati cholinga sichikhala kumupha.

Tsono anamwino amene amagwira ntchito imeneyi amaona chinthu chodabwitsa. Ululu wa m'thupi ukangogonja, wodwala n'kugona tulo usiku woyamba, m'mawa mwake ndi pamene mafunso amayamba kutuluka. Apa mpamene pamafunika munthu amene Azungu amamutcha psychologist, ife timati katswiri wa za maganizo. Ambiri tikamva dzinali timaganiza za amisala ndi chipatala cha ku Zomba, koma wodwala khansa si wamisala, ndipo katswiriyu sabaya jakisoni kapena kulemba mankhwala. Chida chake ndi khutu, ndi mafunso ofunsidwa pa nthawi yake. Ntchito yotere pakati pa odwala khansa idakhazikika bwino kuyambira mu 1977, pamene Dokotala Jimmie Holland adaiyambitsa pa chipatala chachikulu cha khansa ku New York, nthawi imene ngakhale kumeneko madokotala anali atangoyamba kumene kusiya chizolowezi chobisira odwala.

Kodi katswiriyu amatani akakhala pa mphasa pafupi ndi mayi tamutchula uja? Sayamba ndi kulengeza. Amayamba ndi kufunsa chimene mayiyo akudziwa kale, ndi chimene iye mwini akuganiza za nthendayi. Kenaka amafunsa ngati akufuna kumva zonse, kapena angakonde kuti nkhaniyo ikambidwe ndi mlongo wake. Pakuti munthu ali ndi ufulu wodziwa, alinso ndi ufulu wonena kuti lero basi, zakwana. Choona amachipereka monga timaperekera phala kwa wodwala, supuni imodzi, n'kudikira kuti ameze. Mayiyo akalira, katswiri samuletsa, ndipo akakhala chete, sathamangira kudzaza chetelo ndi mawu. Ndipo nthawi zambiri zimaoneka kuti chimene mayiyo amaopa kwambiri si imfa yeniyeniyo ayi. Amaopa kufa ndi ululu, amaopa fungo la chilonda limene likuthawitsa anthu, amaopa kuti mwana wake wa Sitandade 6 adzasiya sukulu. Mantha oterewa akatchulidwa, ena mwa iwo amapezeka kuti ali ndi mankhwala ake.

Katswiriyu amadziwanso kusiyanitsa chisoni, chimene n'choyenera kwa munthu wotsanzika dziko, ndi nthenda ya kukhumudwa, imene imam'chititsa wodwala kudziona ngati katundu wolemetsa abale mpaka kulakalaka kudzipha. Yachiwiriyi imachizika ngakhale khansayo isachizike. Amayang'ananso wodwazika, kawirikawiri mwana wamkazi kapena mchemwali, amene wasiya munda wake, sagona, amachapa nsalu mbandakucha, ndipo tsiku lina amadzipeza akuganiza kuti bola zikadangotha, kenaka n'kudziona ngati mfiti chifukwa cha ganizolo. Munthu wotere amafunika womuuza kuti kutopa si kusakonda.

Wina anena kuti, "Koma alipo amene adauzidwa nakomoka, osadyanso mpaka kufa." Inde alipo, ndipo sitikana. Koma tikafufuza bwino timapeza kuti ambiri mwa iwo adaponyeredwa mawuwo ngati mwala, ali chiimire, pamzere pali anthu ena makumi asanu, popanda wowafunsa kuti mwamva bwanji. Cholakwika pamenepo chidali kanenedwe. Pakati pa bodza ndi nkhanza pali njira, ndipo njira imeneyo ndiyo imene katswiri wa za maganizo adaphunzira kuyendamo.

Ena mwa ife timati mkhristu ali ndi wansembe ndi pemphero, nanga katswiri ngwachiyani? Awiriwa sapikisana. Katswiri sangakhululukire machimo, ndiponso wansembe sadaphunzire kuzindikira nthenda iliyonse ya m'maganizo. Koma taonani chimene kubisa kumachita ndi masakramenti. Msonkhano Waukulu wa Vatikano Wachiwiri udaphunzitsa mu 1963 kuti Kudzoza Odwala si kwa okhawo amene akutsirizika, koma kwa aliyense amene nthenda kapena ukalamba wayamba kumuika pangozi. Komabe banja limene lauza wodwala kuti achira limaopa kuitana Bambo Mfumu, poti akangowaona azindikira. Motero uthenga umapita ku parishi wodwala atasiya kale kuyankhula, ndipo kulapa kumene akadalapa, ndi Ukaristia umene akadalandira akudziwa, zimam'dutsa. Ambuye Yesu mwini, m'munda wa Getsemani, sadabise kuti ali ndi mantha, ndipo adapempha anzake atatu kuti akhale naye maso. Anzakewo adagona. Ife timagona mwa njira ina, pom'tsimikizira wodwala kuti palibe choopsa.

Tisaganizenso kuti kunena zoona kwa wakufa ndi mwambo wa Azungu. Makolo athu ankadziwa kusiya mawu. Munthu wamkulu akaona kuti dzuwa lapendeka, ankaitana mbumba yake, nanena za munda wa kudambo, za ng'ombe, za ngongole imene ali nayo kwa uje, za mwana amene adam'bereka kwina, napempha kuti amuitanire m'bale amene sadayankhulane naye zaka zambiri. Masiku ano lamulo la 2011 la chuma cha masiye limathandiza kwambiri pamene munthu walemba wilo, ndipo amasiye ambiri akadapulumuka kwa olanda katundu bambo wawo akadapatsidwa mpata wolemba. Munthu wobisiridwa timam'landa zonsezi, ngakhale kudalitsa ukwati umene wakhala akuuzengereza.

Vuto n'lakuti akatswiri a za maganizo m'Malawi ngochepa kwambiri, ndipo ambiri ali m'mizinda. Abale a Yohane Woyera wa Mulungu ku Mzuzu amaphunzitsa aphungu, ndipo anamwino ena adaphunzirako luso limeneli, koma mayi wa kuseri kwa Golomoti mwina adzafa osakumana ndi katswiri ndi mmodzi yemwe. Amene adzam'fikire ndi ife a m'mphakati, a Legio ndi Amayi a Chikatolika. Dera lino silachilendo ku ntchito yotere, pakuti ku Mua, kumene amishoni adafika mu 1902, akhate adasamalidwa zaka zambiri mankhwala enieni a khate asadapezeke.

Kayendedwe kathu kwa odwala n'kodziwika. Timafika khumi ndi awiri, timaimba, timapemphera kolona, timasiya ufa ndi sopo, aliyense n'kunena kuti "Limbani mtima mayi, muchira," kenaka timatuluka. Zonsezi n'zabwino kupatula mawu otsirizawo, amene amatseka pakamwa pa wodwala. Kunena dzina la nthenda ndi ntchito ya a chipatala, si yathu. Koma mmodzi mwa khumi ndi awiri aja, amene wodwala amam'khulupirira ndipo sayenda ndi nkhani za eni, angathe kutsalira anzake akatuluka, n'kukhala pansi pa mphasa, n'kufunsa kuti, "Kodi inu mayi, matendawa mukuwaona bwanji?" Akatero adikire, ngakhale yankho lichedwe mpaka anzake atafika kumsewu.